Kumene Ankapita Lachinayi

Towela anali akusita kolala ya bulauzi pamene ba Mwaba analowa kuchipinda osaodira. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, choncho ankasita ndi nsimbi ya makala yobwereka, atayala bulangete pansi, poti tebulo ndi mipando yonse anali atazitulutsa panja monga zimakhalira pamaliro. Pabalaza amayi anali atakhala mothithikana, atatambalala, akuimba motsitsa mawu.

Ba Mwaba anali wapampando wa bungwe la amayi kumpingo, mzimayi wa thupi lake, woyenda ngati msewu anagula yekha. Kwa Towela analinso ngati mayi wamng'ono, chifukwa iwo ndi mayi ake, malemu Eneless, anagulitsa tomato patebulo limodzi kumsika wa Kanyama kwa zaka zambirimbiri.

"Mwana wanga, faka pansi iyo nsimbi. Nifuna tikambeko."

"Nasiliza manje manje, ba Mwaba. Yasala chabe siketi na duku."

"Usavutike nayo. Bamai bako sibazavala iyo yunifomu."

Towela anaimika nsimbi panjerwa, nawayang'ana. Anaganiza kuti mwina sanamvetse chifukwa cha nyimbo.

Mumpingo umenewo, mayi wa m'bungwe akamwalira, anzake amalawirira kumotchale, kumusambitsa, kumuveka bulauzi yobiriwira ya kolala yoyera, kumumanga duku, kenako kunyamula bokosi okha polowa m'tchalitchi. Eneless anagwira ntchito imeneyi kuyambira Towela ali kamwana. Anasambitsa anthu ngakhale m'zaka zija matenda ankakolola anthu m'makomboni, achibale enieni akuopa kukhudza mtembo. Kawirikawiri ankaseka ndi mwana wakeyo kuti tsiku lake likadzafika aonetsetse kuti duku amumange mowongoka, asakafike kwa Ambuye ngati wochokera kumowa. Tsopano tsikulo linali litafika mosagogoda. Anangogwa kumsika dzana akuthira madzi tomato, ndipo pofika kuchipatala n'kuti atatsirizika.

"Benze pa chilango," anatero ba Mwaba akuyang'ana khoma. "Kuchokela chaka chatha sibenze kubwela ku bungwe pa Chinayi. Komiti inabaitana, banakana kukamba kwamene benze kuyenda. Munthu akafa ali pa chilango sitimusambika, sitimuvalika. Ni lamulo, sindine ninapanga."

"Pa Chinayi? Ine nikabatumila foni pa Chinayi benze kukamba ati nili ku chechi."

"Ndiye vamene ivo, mwana wanga."

Atatero anatuluka, nakakhala pakati pa anzawo, ndipo posakhalitsa mawu awo ndi amene ankatsogolera nyimbo. Towela anatsala atagwada pabulangete paja. Iye ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, akukhala ku Bauleni, ndipo ku Kanyama ankabwera Lamlungu likamupatsa mpata. Sanadziwe kanthu. Chimene ankadziwa n'chakuti mayi ake, amene sankatha kunama ngakhale pamtengo wa tomato, anamunamiza chaka chathunthu, ndipo tsopano aikidwa m'manda ngati munthu wosapemphera.

Mlongo wake Levy, kondakitala wa minibasi, anali panja patenti akukankha madzi a mvula ndi thabwa. Atamuuza, anangoseka chiseko chopanda mano.

"Ma chechi yanu ni so chabe. Bamai banasambika Kanyama yonse, lelo ati lamulo. Basiye, tizabashika ku manda teka."

"Sinizabasiya," anayankha Towela. "Bazavala."

Anayankha molimba mtima. Akadadziwa kumene mayi ake ankapita, akadapita kukomiti kukawanenera. Koma akanena chiyani? Anafunsa anzawo a kumsika, anafunsa oyandikana nawo nyumba, onse anati ankawaona akutuluka m'mawa atavala yunifomu, chikwama chili m'khwapa, n'kubwera dzuwa litapendeka.

Yankho linabwera lokha masana, pawilibala.

Mvula inali itakata, ndipo njira ya pakati pa nyumba inali dziwe lokhalokha, anthu akudumphadumpha pamiyala. Bambo wina wamtali, atapinda buluku mpaka m'maondo, ankakankha wilibala mosamala m'madzimo. M'wilibalamo munali mzimayi wowonda, atakhala pakatoni, mwendo umodzi ukulendewera, dzanja lamanzere litapindikira pachifuwa, pakamwa patakhotera mbali imodzi. Amuna a patenti anasiya nkhani zawo.

Towela anazindikira juzi asanazindikire munthu. Inali juzi yofiirira ya mabatani amtengo, imene iye anagulira mayi ake pasalaula, pamsika wa zovala zakale, nyengo yozizira yapitayo, ija mayiwo anati anawabera pachingwe. Kenako anayang'ana nkhope. Anali Ketty.

Dzina limeneli silinkatchulidwa m'nyumba ya a Kombe. Ankangoti "uja wa ku George". Bambo a Towela ndi Levy, a Bornwell Kombe, ankagwira ntchito kufakitale, ndipo tsiku lina la malipiro anapita kukalawa kachasu kwa Ketty kukomboni ya George, kulawa kwake kunakhala kusamuka. Towela anasiyira sukulu panjira chifukwa cha mzimayi ameneyu. Levy anayamba kuitanira minibasi anzake akulemba mayeso. Bambowo anafera komweko, m'nyumba ya Ketty, ndipo ana anangopita kumanda chifukwa mayi awo anawakakamiza.

Levy ndiye anayamba kufika pawilibala.

"Mwabwela kuseka? Batate munadya, manje mufuna chani futi pano?"

"Nabwela kulila," anayankha Ketty. Mawu ankatuluka molemera, ngati ali ndi mwala m'kamwa.

"Kalileni kwanu. Boyi, tembenuza iyo wilibala."

"Ine ndine Whyson, sindine boyi," anatero wokankhayo akupukuta thukuta. "Nachoka nabo ku George, najumpha nabo museu wa Mumbwa, sininganyamuke nikalibe kupumula. Elo imwe musakambe vamene simuziba. Bamai banu ndiye benze kubwela kubasambika aba."

"Ati bwanji?"

"Chinayi chilichonse. Sitiroko pamene inabagwila, babale babo bonse banathaba. Ise ma neba tenze kubapasako chabe kakudya, koma kusambika munthu mukulu amene azionongela, nindani angakwanise? Ba Eneless benze kubwela, babasambika, bachapa vofunda, babachosa panja pa zuba. Pa Chinayi mailo tinabayembekeza, sibanabwele. Ndiye lelo tamvela."

Towela anamva manyazi ndi ukali. Zaka zonsezi iye ankadana ndi Ketty m'malo mwa mayi ake, ndipo ankaona ngati ndi ntchito yake monga mwana woyamba, ntchito imene ankaigwira mokhulupirika kuposa ya kwa abwana. Ankati akamva dzina la George m'minibasi, malovu ankamuwawa. Pamene iye ankasenza chidanicho, mwini wake anali atachitula kalekale osamuuza, ali kalikiliki kuchapa zofunda za mdani. Sopo amene Towela ankabweretsa mwezi ukatha, mafuta odzola, shuga, nanga zonsezo zinkathera kuti?

Anayandikira wilibala.

"Chifukwa chani pa Chinayi?"

Ketty anakweza maso. "Benze kukamba ati pa Chinayi kulibe mwana angafunse kwamene nayenda. Benze kuyopa iwe."

"Ine?"

"Ati Towela akamvela, sazabwelako futi ku Kanyama."

Zinali zoona, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri Towela.

Levy anali atagwira kale zigwiriro za wilibala kuti aitembenuze yekha, koma pakhomo panatulukira mayi awo aakulu, akulu ake a malemu, amene anali atangofika kuchokera ku Katete. Anali okalamba, maso akuchita nkhungu, koma mawu anali akadali ndi mano.

"Levy, pamaliro sathamangitsa munthu. Munyamuleni mumulowetse, akalire ndi anzake."

Anamunyamula Whyson ndi bambo wina, namukhazika pakona. Amayi a m'bungwe anasendera, kusiya malo aakulu pakati pa iwo ndi iye ngati ali ndi mphere. Ba Mwaba anazika maso m'buku la nyimbo. Ketty analira kulira kwake kokhota, malovu akutsikira pajuzi, ndipo palibe anamupukuta.

"Tsopano wadziwa," anatero mayi aakulu atamukokera Towela kuchipinda. "Mawa upite ukawauze. Amako sanali kumowa, anali ku ntchito ya Mulungu."

"Nikakambe na kamwa yanga kuti bamai benze wanchito wa Ketty?"

"Ngati ufuna avale, ukanena."

Kutacha, Towela analumpha madziwe mpaka kwa ba Mwaba. Anawapeza pakhonde akukapa madzi amene analowa m'nyumba. Anakhala pachidebe chovundikira nafotokoza zonse, kuyambira juzi mpaka wilibala. Ngakhale dzina la Ketty analitchula. Atamaliza anapuma, akuyembekezera kuti mzimayiyo agwira pakamwa.

Ba Mwaba anapitiriza kufinya chiguduli m'ndowa.

"Nenze kuziba," anatero.

"Mwenze kuziba?"

"Ndine ninabauza. Ninamvela pa maliketi kuti uja mukazi agona pa matuvi yake, ninathamanga kuli bamai bako, nati Eneless, Mulungu akubwezela, mudani wako agwa. Nenze kuganiza bazakondwela. Beve banangomanga chitenge ati nilangize nyumba."

"Manje chilango chinachokela kuti?"

"Paja pa yadi ya Ketty bakali kugulisa kachasu. Munthu anabaona bangena mu yunifomu. Nkhani inafika ku komiti. Ninabauza, Eneless, kamba chabe, bazamvela. Banakana, ati yazafika kuli bana. Bananilumbilisa kuti na ine nisakambe."

"Munankhala pa mupando, muziba vonse, mwabapasa chilango."

"Nenze ninalumbila, mwana wanga."

"Manje bafa. Bana bamvela kudala. Kambani lelo, komiti ikumane, mailo mubwele mubasambike."

Ba Mwaba anaika chiguduli pansi, nayang'ana kumsewu. Apa ndi pamene Towela anaona kuti lumbiro lija linali chitenje chongofunda, nkhani yeniyeni inali mkati.

"Nikakamba manje, bazati nenze kunama mu komiti chaka chonse. Bazati ba cheya banabisa. Uziba masankho yali pafupi, elo kuli bantu bafuna chabe poyambila. Nikachoka ine, bungwe yazagwa mu manja ya bantu bosaziba nchito." Anatsitsa mawu. "Tizabwela ku manda mu vitenge. Tizaimba bwino maningi, uzaona. Koma yunifomu ifunika kubwelela ku chechi, nizatuma munthu."

Towela anaimirira.

"Pamene bana banu benze bang'ono imwe muli mu chipatala, nindani enze kubaphikila? Bamuna banu pamene banafa, nindani anagona na imwe pansi mwezi wonse?"

"Usanikambise so, Towela. Nine mukulu."

"Ee, ndimwe bakulu. Nkhalani na mupando wanu."

Pobwerera sanasamale za miyala, anangoponda m'madzi momwemo. Anali atagulitsa ulemu wake, atatchula dzina limene analumbira kuti sadzalitchula, ndipo anabwerako chimanjamanja. Anakwiyira ba Mwaba, anakwiyira mpingo, koma pansi pa zonsezo anakwiyira mayi ake, amene anasankha kutaya malo awo pakati pa anzawo chifukwa cha Ketty, n'kumusiyira iye manyazi oti awasenze pamaso pa Kanyama yense.

Levy anati angowaveka okha yunifomuyo, aone amene adzatsegule bokosi kuti awavule. Towela anatsala pang'ono kuvomera, koma mayi aakulu anapukusa mutu.

"Amako sanadyepo chakuba. Musawaveke chakuba."

Wotumidwa atabwera, Towela anamupatsa zonse m'pepala la pulasitiki, bulauzi, siketi ndi duku, zosita bwino. Anasankha diresi la maluwa limene malemu ankavala pa Khirisimasi.

M'mawa wa tsiku loika, kunja kwa motchale kunali piringupiringu. Banja lililonse linali ndi amayi ake a mpingo, ena ofiira, ena oyera, ena a buluu, gulu lililonse likuimba nyimbo yake mopikisana. A Kombe okha ndi amene anaima pambali opanda mtundu. Towela ankaona ngati aliyense akumuyang'ana, ngakhale kunena zoona aliyense anali ndi maliro ake.

Ketty analipo. Anakwera nawo lole m'mawa, atamukweza Whyson, ndipo palibe anali ndi mphamvu zokangana naye. Tsopano anali panjinga ya odwala imene Whyson anapempha kuchipata, atafungatira kanthu kokulunga m'chitenje.

Wantchito wa pamotchale anasuzumira pakhomo. "Ba Kombe. Bazimai bosambika bangene, musachedwe, bantu ni bambili."

Towela anayang'ana amayi a m'banja. Wina anati ali ndi pakati, wina anati mutu ukumuzungulira, wina anapezeka kuti wapita kukagula madzi akumwa. Anatsala iye ndi mayi aakulu, amene manja awo ankanjenjemera moti sakanatha kufinya nsalu.

"Nipelekeni mukati," anatero Ketty.

"Imwe na kwanja imozi muzachita chani?"

"Nizakuuza mochitila. Iwe unasambikapo munthu?"

Towela anali asanasambitsepo munthu wamkulu, wamoyo kapena wakufa. Anagwira njingayo naikankha, osati mwaulemu kwenikweni.

M'chipindamo munkazizira, mukununkha mankhwala. Eneless anali atagona patebulo lachitsulo, atafunditsidwa nsalu yoyera, akuoneka wamng'ono kuposa mmene analili kumsika. Towela anavundukula nkhope, nailuma milomo kuti asalire, chifukwa akadayamba sakadaleka. Mayi aakulu anayamba pemphero chapansipansi. Iye anatenga beseni, natsegula mpopi wa pakhoma, nanyika kansalu.

"Imilila," anatero Ketty.

Anali akulimbana ndi mfundo ya chitenje chija ndi dzanja lake limodzi. Munatuluka fulasiki yakale yothetheka penti. Anaipana ndi maondo kuti atsegule, koma inkaterereka. Towela anapsa mtima.

"Ni nthawi ya tiyi ino?"

"Si tiyi. Segula, uthile mu beseni."

Towela anatsegula, nthunzi inatuluka. Anali madzi otentha chabe, amene Whyson anawiritsa pambaula ya patenti kusanayere bwino. Anawathira m'beseni, naibweretsa pafupi ndi njinga monga anauzidwira. Ketty anakweza mkono wa juzi ndi mano, naviika chigongono m'madzimo.

"Yapya maningi. Ikako yozizila pang'ono."

"Ba Ketty, bafa aba. Sibazamvela."

Aka kanali koyamba m'moyo wake kumutchula ndi ulemu, ndipo anazindikira mawu atatuluka kale.

"Na ine uku sinimvela," anatero Ketty, akumenya phewa lake lamanzere ndi dzanja lamoyo. "Olo unilase na nyeleti. Koma bamai bako sibananisambikepo na manzi yozizila. Malasha yakasila, benze kuyenda kupempha moto pa neba. Elo benze kuyambila kwamene uku kosamvela, ati na kwene ni kwa Mulungu."

Kunja gulu lina linali litayamba nyimbo yotulutsira bokosi, ndipo wantchito uja anagogoda pachitseko kuwafulumiza. Mtima wa Towela unali udakawawa, ndipo ankadziwa kuti uwawa nthawi yaitali. Anatunga madzi a pampopi m'manja, nawonjezera m'beseni. Kenako anapinda mkono wa bulauzi yake, naviika chigongono.

"Yakhala bwino," anatero.

"Yambila ku mendo," anayankha Ketty. "Pang'ono pang'ono."